Funsani Adokotala: "Kuchipinda ndili bwinobwino, vuto lingakhale langa bwanji?"

FUNSO: Adokotala, ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Area 25. Tatha zaka zinayi m'banja koma mphatso sitinaione. Mkazi wanga amuunika kawiri kuchipatala, akuti alibe vuto, ndiye akufuna ayeze ine. Sindikuona chifukwa chake. Sindinagwe m'papaya ayi, kuchipinda ndili bwinobwino, umuna umatuluka wambiri, wolimba. Gondolosi ndimatafunanso. Alongo anga akuti ndingopeza mkazi wina. Kodi vuto lingakhale langa bwanji? — Wodandaula, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Zikomo bambo polemba mosapsatira mawu. Nanenso sindipsatira, ziwalo ndizitchula maina ake. Owerenga amanyazi andikhululukire.

Mwamanga mtolo umodzi zinthu zitatu zomwe thupi lidazisiyanitsa: kudzuka kwa chida, umuna, ndi mbewu. Kudzuka ndi nkhani ya magazi. M'kati mwa chida muli minofu yonga siponji, ndipo chilakolako chikabwera mitsempha imatseguka, magazi n'kudzaza siponjiyo, chida n'kulimba. Zimenezi zimatheka ngakhale kwa bambo amene thupi lake silipanga mbewu n'imodzi yomwe.

Umuna nawo ukukupusitsani. Minibasi ikhoza kunyamuka pa Nsungwi kulowera ku depoti, yopentedwa bwino, injini ikulira mokoma, kondakitala akukuwa pawindo, koma m'kati mulibe pasenjala. Umuna ndiye minibasiyo, mbewu ndiwo mapasenjala. Madzi mumawaonawo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu amachokera m'timatumba tiwiri tokhala kuseri kwa chikhodzodzo, ndipo muli shuga, kamba wa mbewu paulendo. Ambiri mwa otsalawo amachokera ku prostate, kachiwalo kofanana ndi suku kukula kwake, kamene kadazinga njira ya mkodzo kunsi kwa chikhodzodzo. Ndiko kamene kamati kakatupa, agogo athu aamuna n'kumachedwa kuchimbudzi mkodzo ukungodontha. Mbewu zenizenizo sizipitirira magawo 5 pa 100 alionse a umuna. Funsani bambo aliyense amene adatseketsa ku Banja La Mtsogolo kapena kuchipatala cha boma. Adamudula timachubu tiwiri todutsa mbewu, koma kuchipinda akuchita zonse monga kale, ndipo umuna wake ngakhale mkazi wake sangaone kusintha.

Mbewu zimapangidwa m'machende. M'menemo muli timachubu tating'onoting'ono topiringizana ngati ulusi, ndipo mbewu imodzi imatenga masiku pafupifupi 70 kuti iumbike. Ikatero imalowa m'kachubu kena komata kuseri kwa tchende, kotchedwa epididymis. Kachubuka mutakatambasula kakhoza kutalika mamita 6, koma kadapindidwapindidwa mpaka kuchepa kuposa chala. M'menemo ndi momwe mbewu zimakhwimira n'kuphunzira kusambira. Kuchoka apo zimakwera m'chubu chomwe chimadulidwa potseketsa chija, kulowa m'mimba, kuzungulira kuseri kwa chikhodzodzo, kukakumana ndi madzi aja, n'kutulukira njira ya mkodzo. Ulendo wautali chonchi, m'tinjira topapatiza chonchi, pamalo pamodzi pakangotsekeka minibasi ija imafika yopanda kanthu.

Kulendewera kunja kwa machende kulinso ndi chifukwa. Mbewu zimafuna malo ozizirirako ndi madigiri awiri kapena atatu poyerekeza ndi m'thupi. N'chifukwa chake m'mawa wa mu Juni thumba limakhwinyata kukokera machende pafupi ndi thupi, pamene masana a mu Okutobala limatayirira. Amene mumaika laputopu pamiyendo tsiku lonse, mwamva.

Ndili wachinyamata pantchito, mnzanga wa ku labu adandiitana kuti ndidzasuzumire pa makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Dontho loyamba linali yakaliyakali, ngati ambululu pachithaphwi mu Januwale, timichira tikupikisana. Adachotsa n'kuika lachiwiri. Zii. Tidasuntha galasi uku ndi uku, osapezamo n'kamodzi komwe. Botolo lomwe mudachokera dontho lachiwirilo ndi lomwe linali lodzaza kuposa linzake, umuna woyera, wolimba. Chikomekome cha mkuyu. Mwini wake anali atakhala pabenchi panja, chimunthu chamapewa otambalala, makiyi a galimoto akuseweretsa kumanja, ndipo mkazi woyamba anali atamuthamangitsa kale kuti ndi chumba. Titacheza naye bwino, adakumbuka kuti ali mnyamata adadwala chinzonono, tchende limodzi lidatupa kenako linzake, iye n'kungogula makapisozi angapo pagolosale. Mafinya adasiya, koma zipsera zidatseka njira mbali zonse ziwiri. Nkhope yake pamene ankabwereza mawu oti "ndiye mayi uja analibe mlandu" sindidaiiwale.

Sindikuti nanunso zili choncho. Zoononga mbewu n'zambiri. Matsagwidi akamugwira munthu atakula kale amatha kutsikira kumachende. Likodzo, kwa amene mudakulira kunyanja kapena kusamba m'madambo, mazira ake amakhazikikanso mu prostate ndi m'timatumba tija, ndipo ena amaona magazi mu umuna. Pali mitsempha yotupa m'thumba, kawirikawiri kumanzere, yomveka ngati nyongolotsi ukaikhudza utaimirira. Imeneyi imatenthetsa tchende ndipo madokotala amaikonza ndi opaleshoni. Pali tchende lomwe silidatsike chibadwire. Fodya, chamba ndi mowa wa tsiku ndi tsiku zimachepetsa mbewu. Anyamata onyamula zitsulo amene amadzibaya jakisoni wa testosterone, homoni yachimuna, kuti atukuke minofu sadziwa kuti ubongo ukaona kuti testosterone wachuluka m'magazi umasiya kutumiza uthenga kumachende, ntchito yopanga mbewu n'kuima. Ngakhale malungo otentha thupi kwambiri amatha kugwetsa chiwerengero cha mbewu kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenako chimabwerera.

Pa mabanja osowa mphatso, pafupifupi theka mbali ya bambo imakhala ndi gawo pa vutolo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2023 munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pamoyo wake. Simuli nokha, kungoti ife abambo timatumiza akazi kuchipatala ife n'kutsala pabawo.

Kuyeza kwake n'kosavuta poyerekeza ndi zomwe mayi akunyumba adutsamo. Mukhale masiku awiri mpaka 7 osakhala malo amodzi ndi mkazi. Umuna muuike m'kabotolo kopatsidwa ndi a ku labu, wonse, makamaka dontho loyamba chifukwa ndimo muchuluka mbewu. Musagwiritse kondomu wamba, imapha mbewu. Kabotoloko kafike ku labu ola lisanathe, muli m'thumba la malaya pafupi ndi thupi, osati padashibodi padzuwa. Inu a ku 25 mukudziwa mmene msewu wolowera m'tauni umathinira m'mawa, choncho ndi bwino kukachitira ku labu komweko. Amayang'ana kuchuluka kwa mbewu, kasambiridwe kake ndi maonekedwe ake. Mlingo wa WHO wa 2021 ndi mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi. Zotsatira zikatuluka zoipa musathamangire kulira, timabwerezanso pakatha miyezi itatu chifukwa cha masiku 70 aja. Yambirani kuchipatala komwe adaunika mayiwo, pakafunika akatswiri akutumizani ku Kamuzu Central.

Gondolosi tafunani ngati amakukomerani, koma chubu chotsekeka ndi chipsera sangachitsegule. Za alongo anuzo, mukakwatira wina musanayezetse, mwina pakatha zaka zinayi mudzandilemberanso kalata yomweyi, mutalizitsa akazi awiri. Pitani limodzi ndi mayi akunyumba, ndipo alongo anu asadziwe tsiku lake.

FUNSO: Ndili ndi zaka 19. Tchende langa lakumanzere limalendewera pansi kuposa lakumanja. Anzanga akuti sindidzabereka. Zoona? — Mnyamata wa ku Kawale

YANKHO: Anzakowo akanadziyang'ana okha akanakhala chete, mphwanga. Amuna ambiri ali choncho, ndipo kawirikawiri lotsika ndi lakumanzere lomwelo. Kukula kwake nakonso kumasiyana pang'ono. Palibe chokhudza kubereka pamenepo.

Zoti uziopa ndi zina. Ukamva kachotupa kolimba ngati kamwala patchende penipenipo, ngakhale kasakupweteka, kaonetse kuchipatala, chifukwa khansa ya machende imakonda anyamata ndi abambo achichepere ndipo imachizika bwino ikapezeka msanga. Thumba likamafufuma pang'onopang'ono ngati mwadzaza madzi, imeneyo ikhoza kukhala phudzi, amaichotsa ndi opaleshoni. Koma tchende likayamba kupweteka mwadzidzidzi, ululu woti sungaime, mwina ndi mseru, ngakhale pakati pa usiku, usadikire kuche ndipo usamwe panado n'kugona. Nthawi zina limakhala lapotokola, magazi asiya kufika, ndipo madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 okha kuti alipulumutse. Dzutsa aliyense ali pafupi, kwera kabaza, pita ku Central.