Ngalande yatsekeka, mupite kwa meya kapena kwa CEO?

Mayi ena andilembera imelo kuti ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yawo yadzaza zinyalala, mvula ikagwa madzi akumafika pakhonde, khansala akungoti "ndinanena kale", ndiye akufunsa ngati akagogode kwa meya kapena kwa bwana uja amati CEO, mkulu woyendetsa maofesi a khonsolo ya mzinda. Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri.

Ine nthawi ina ndinkafuna laisensi ya kagolosale kanga ku khonsolo ina. Ndalama ndinalipira, lisiti ndinali nalo, koma pepala osatuluka ayi. Ndikapita, "abwana atuluka, mubwere mawa." Khansala wathu, munthu wabwinobwino, anayesetsa kuyimba foni ine ndili pomwepo koma sizinasunthe. Mpaka tsiku lina bambo wina wachikulire wa ku registry, ofesi yolandira ndi kusunga makalata, anandimvera chisoni, anatsegula chibuku chachikulu chachikuto chong'ambika, nkumatsata ndi chala mzere ndi mzere mpaka anapeza kuti fayilo yanga inapita kwa a zaumoyo kuti adzayendere shopu, ndipo inangokhala komweko poti galimoto inalibe mafuta. Pamenepo mpomwe ndinamvetsa kuti mzinda umayendetsedwa m'maofesi amenewa.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linagawa zinthu pawiri. Makhansala omwe timawavotera amakhazikitsa malamulo a mumzinda, kuvomereza bajeti komanso kulondoloza ngati ntchito ikugwirika. Meya amasankhidwa ndi makhansala anzake, sitimuvotera ife, ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka. Koma ogwira ntchito tsiku ndi tsiku ali pansi pa CEO, kaya ndi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba (kumaboma ndiye ndi a DC). Pansi pake pali madayilekita a zachuma, zomangamanga, zaumoyo, mapulani a mzinda, ndi a administration omwe amasunga makalata, maminitsi a misonkhano, nkhani za antchito ndi magalimoto. Ma city rates, matikiti a mumsika, zonse zimadutsa m'manja mwawo.

Tsono chomwe chimandiwawa ine ndi ichi. Chisinthireni lamulo mu 2010, CEO amasankhidwa ndi nduna ya maboma ang'onoang'ono. Munthu amene wagwira makiyi a mzinda wathu amayang'ana ku Capital Hill, poti ndi komwe kungamusamutse, ndipo khansala wanu angakuwe bwanji sangamuchotse. Zimenezi ine ndimati nzolakwika basi, tisazungulire. Ku America mizinda yambiri ili ndi city manager, Dayton ku Ohio inayamba kale mu 1914, koma kumeneko khonsolo ndi imene imamulemba ntchito ndipo akalephera imamuchotsa. Ife tinatenga udindo wofanana nawo koma chingwe tinachipereka kwina, kenako tizinena kuti Mphamvu ku Anthu?

Komanso tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezo maofesi anazolowera kugwira ntchito popanda wowafunsa, ndipo chizolowezi chotere sichitha msanga. Sindikunena kuti onse ndi aulesi, ambiri amagwira ntchito movutika, ndalama za ku boma zimachedwa, enafenso ma rates sitilipira koma tikufuna lole ya zinyalala ibwere sabata iliyonse.

Ndiye mupite kuti?

Lembani kalata kwa CEO, aneba asayinire nawo, muikemo dzina la msewu ndi zithunzi. Kaperekeni ku registry, akudindireni sitampa pa kope yanu. Kope ina mupatse khansala kuti akayankhule ku komiti yoona za ntchito, ndipo pakatha sabata ziwiri mukafunse ku ofesi ya zomangamanga kuti fayilo ili pa tebulo la ndani.