Achemwali, pa tchuthi cha Pasaka tengani anawo mupite ku York

Achemwali, ndaona funso lanu loti mukufuna kutuluka ndi ana atatu masiku awiri kapena atatu pa tchuthi cha Pasaka, kumzinda wakale woti ana akaoneko zinthu, koma osati London chifukwa m'thumba simukulola. Ine ndikuti York basi, mzinda wa kumpoto kwa England. Tapitako kanayi ndi bambo a kwathu ndi anawa, katatu konse mu Epulo, ndipo sitinaukole.

Ndiyambe ndi nyengo, poti munati aka n'koyamba kuona kuzizira kukutha kuno. Akangosuntha wotchi ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, pakhomo pamasintha. Pofika pakati pa Epulo kumakhala kukuwalabe cha m'ma 8 koloko madzulo, ndiye mukati "kagoneni" ana amangokulozerani pawindo. Zovala zimayamba kuuma pachingwe panja, mitengo yomwe inali zikuni zokhazokha imaphukira, ndipo aliyense m'nyumba amafuna kutuluka. Koma dzuwa limenelo ndi lachinyengo. York ili kumpoto, ndipo mphepo yake ya m'mawa imaluma makutu. Majekete a mvula musasiye, ngakhale ana alumbire kuti akumva kutentha.

Chomwe ndimabwererako ine si malo olipira ayi, ndi makoma. Mzinda wakalewo unazunguliridwa ndi makoma amiyala otalika makilomita atatu ndi kanthu, ndipo anthu amayenda pamwamba pake kwaulere. Kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, mitumbira ya m'munsi mwa makomawo imadzaza maluwa achikasu aja amati daffodil, mbuu ngati wina wathira utoto. Mukakhala ndi mphamvu ya chigawo chimodzi chokha, kwerani pa chipata cha Bootham Bar mukatsikire pa cha Monk Bar. Kumanja kwanu kumakhala tchalitchi chachikulu cha Minster chikusuzumira pamwamba pa minda ya maluwa ya kuseri kwa nyumba za anthu, ndipo m'mawa cha m'ma 8, akangotsegula, mumakhala nokha ndi mbalame.

Apa ndikuuzeni zomwe zinandionekera. Ulendo woyamba tinapita ndi chikuku cha mwana. Masitepe okwerera ndi othina, otsetsereka, miyala yake yoterera chifukwa cha mapazi a zaka mazanamazana. Bambo ananyamula chikukucho pamutu, ine khanda pachifuwa, wamkulu akundikoka siketi, anthu ali ndandanda kumbuyo kwathu akungomwetulira mwaulemu muja amachitira. Manyazi ake! Wanu wa chaka chimodziyo mungomubereka kumbuyo. Komanso pali zigawo zina zomwe mbali yam'kati ilibe chotchinga, choncho wa zaka zisanuyo musamutaye dzanja.

Maina a kumeneko asakuzunguzeni mutu monga anandichitira ine. Ku York "bar" ndi chipata cha mzinda, osati komwera mowa, pomwe "gate" ndi msewu. Zinachokera kwa ma Viking, ankhondo a ku Scandinavia, omwe analanda mzindawu mu 866 n'kumautcha Jorvik, ndipo m'chilankhulo chawo msewu unali "gata". Ndiye Stonegate, Petergate, Coppergate yonseyo ndi misewu. Iwo asanafike kunali Aroma, omwe anamanga linga la asilikali mu 71 n'kulitcha Eboracum. Pakhomo la kumwera kwa Minster pali chiboliboli cha Constantine, mfumu ya Aroma, atakhala pampando. Asilikali anamulonga ufumu mumzinda womwewu mu 306. Mwana wanga wamkulu, yemwe kusukulu amati mbiri yakale ndi yotopetsa, anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako n'kundifunsa ngati ndi Constantine yemweyo amamutchula kutchalitchi. Ndi yemweyo.

Minster kulowa masana kumalipiritsa, ndipo ndalamayo sinandiwawe. Windo lalikulu la kum'mawa analipanga John Thornton kuyambira 1405 mpaka 1408, kukula kwake ngati bwalo la tenisi, lonselo magalasi a mitundumitundu ofotokoza za Genesis ndi Chivumbulutso. Nsanja yapakati ili ndi masitepe 275 ndipo osakwana zaka 8 saloledwa kukwera, ndiye mukonzeretu kuti wa zaka 11 akwera ndi ndani, mnzake asakalilire pamzere. Ngati ndalama zavuta, pitani pa mapemphero a madzulo omwe kwaya imayimba. Amenewo salipiritsa, kungoti mumapita ngati opemphera, osati ojambula zithunzi. Sabata ya Pasaka nthawi zimasintha, muyambe mwaona pa intaneti.

Tsiku la mvula, ndipo likhalapo, thawirani ku National Railway Museum, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Kulowa ndi ulere. Kuli Mallard, sitima yamalasha yobiriwira ngati thambo yomwe mu 1938 inathamanga mamailosi 126 pa ola, ndipo mpaka lero palibe sitima ya nthunzi inaiposa. Kulinso sitima yothamanga ya ku Japan ija amati Shinkansen. Ana amatha theka la tsiku osadandaula, inu mukupumitsa miyendo.

Jorvik Viking Centre ndi yolipira, ndipo pa tchuthi mzere wake umatalika, gulirani matikiti pasadakhale. Anaimanga pamalo pomwe akatswiri anafukula nyumba za ma Viking pakati pa 1976 ndi 1981. Mumakwera kangolo kamene kamakudutsitsani m'mudzi wa nthawi imeneyo, ndi fungo lomwe: utsi, nsomba, ngakhale chimbudzi. Ana anga fungolo ndi limene amakumbukira mpaka lero. Muli mdima, wamng'ono akhoza kuopa. Zina zolipira zomwe azikuitanirani mumsewu, maulendo a mizukwa usiku ndi zinazo, ine ndimangodutsa.

Shambles, kamsewu kotchuka kaja ka pazithunzi, ndikuuzani zoona: masana ndi chipwirikiti chokhachokha, phewa ndi phewa, ndipo timasitolo take ndi tokudyera ndalama. Pitani 9 koloko isanakwane. Pamenepo mudzaona bwino kuti unali msewu wa ogulitsa nyama, ngowe zopachikira zikadalipo pamwamba pa mawindo ena, ndipo nyumba zam'mwamba zinaweramirana mpaka kutsala pang'ono kugundana. Momwemo muli kachipinda kokumbukira Margaret Clitherow, mkazi wa wogulitsa nyama, yemwe anaphedwa mu 1586 pomupsinja ndi zolemera atakana kuyankha mlandu wobisa ansembe achikatolika.

Pali malo amodzi omwe ndimafuna muwafikire mosathamanga. Clifford's Tower ili pa kaphiri kozungulira, ndipo nthawi imeneyi kaphiriko kamakhala kachikasu ndi maluwa. Ana amafuna kungothamangira pamwamba. Koma pamalo amenewo, mu Malichi 1190, Ayuda pafupifupi 150 a mumzindawu anathawira m'linga lomwe linalipo nthawi imeneyo, gulu la anthu litawazinga, ndipo anafera pomwepo. M'munsi muli chikwangwani chachikumbutso. Ine ndinawerenga ndi wamkulu yekha, ang'onoang'ono akusewera ndi bambo awo. Wa zaka 11 akhoza kumva nkhani imeneyo.

Za kogona ndi kayendedwe sindichulukitsa. Pezani malo okhala ndi khitchini, chifukwa kudyetsa anthu asanu m'malesitilanti katatu patsiku ndi kumene kumathera ndalama, osati matikiti. Ife timakonza masangweji m'mawa n'kukadyera ku Museum Gardens, pa kapinga pafupi ndi mabwinja a St Mary's Abbey, komwenso n'kwaulere. Mtsinje wa Ouse umasefukira kukagwa mvula yambiri, ndiye nyumba ikakhala m'mphepete mwenimweni funsani kaye, makamaka za poimika galimoto. Ife tinadzukapo tsiku lina n'kupeza kanjira komwe tinadzera dzulo lake kali pansi pa madzi, abakha akusambirapo.

Galimoto m'kati mwa mzinda ndi mtolo chabe. Mukabwera nayo isiyeni pa malo oimika galimoto a Park and Ride kunja kwa mzinda n'kukwera basi. Pa sitima kuchokera ku siteshoni ya King's Cross ku London ndi maola awiri okha, ndipo ngati mulibe khadi yochotsera mtengo ya Family & Friends Railcard iguleni musanagule matikiti: akulu amakuchotserani gawo limodzi mwa magawo atatu, ana 60 peresenti, pomwe osakwana zaka zisanu salipira. Mukatsika pa siteshoni makoma ali patsogolo panu pomwepo, kungowoloka msewu. Pasaka ikagwa mochedwa mu Epulo maluwa achikasu aja mukhoza kuwapeza atafota, ndiye ngati masukulu atsekera msanga, sankhani sabata yoyamba ya tchuthi.