Mwana wa pa benchi lakumbuyo uja

Madamu ena ophunzitsa Sitandade 5 anditumizira imelo. Ali ndi mtsikana amene sakweza dzanja, akamuloza amangoti "ine ndine mbuli" n'kuzolika. Akufunsa kuti atani.

Madamu, mwandiponda pachilonda. Mwana ameneyo ndinali ine.

Ndinayamba sukulu mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana tinasefukira. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo aphunzitsi sankatidziwa ndi mayina omwe. Ndinali ndi chibwibwi, komabe Chichewa ndinkachikoka pang'onopang'ono. Titafika Sitandade 5 maphunziro anasanduka a Chingerezi. Tsiku lina anandiimiritsa kuti ndiwerenge, lilime linakanirira pa liwu loyamba lenilenilo. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, aphunzitsi nawo anaseka. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya Chingerezi ikakwana ndinkapempha kupita kuchimbudzi, n'kukakhala kuseri kwake mpaka belu.

Ndinene pompano: mwambo wowerenga manambala pa asembule potsekera teremu, makolo ali pomwepo, ndi nkhanza. Ena amati umalimbikitsa mpikisano. Mpikisano wanji? Atatu oyamba alandira makope ndi sopo, wa kumchira asenza manyazi mpaka kumudzi, anzake akumuimba nyimbo njira yonse. Kodi munamuonapo wa kumchira amene anachangamuka chifukwa chomuwowoza? Za kukumbitsa dzenje mwana amene walankhula Chichewa ndisayambe n'komwe.

Anandidzutsa ndi aphunzitsi aamuna a Sitandade 6. Sanandiuze kuti ndine wanzeru, ndikanadziwa kuti akundinamiza. Anandipatsa wotchi yawo ndi chitsulo chomenyera belu, limu ya galimoto yopachika mumtengo. Sukulu yonse inkadikira ine kuti ituluke. Kenako ankandinong'oneza ndime yoti ndidzawerenge mawa, ndikayeserere kunyumba pa koloboyi. Chibwibwi sichinathe, koma kuchimbudzi kuja ndinasiya kuthawirako.

Ndiye mtsikanayo, Madamu. Mpatseni ntchito yooneka, kaya kusunga choko kaya kugawa makope. Muuzenitu funso dzulo lake. Woyamba kuseka mumudzudzule pomwepo, ana onse akumva. Ndipo musanaganize zambiri, mukhazikeni kutsogolo sabata imodzi muone ngati pa bolodi amaona bwino, n'kumufunsa pambali ngati m'mawa amadyako kanthu.