Mapilitsi olera si njira yake, achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wa zaka 27, ndipo wandilola kuyankhira pano osatchula dzina. Anabadwa ndi thupi lachimuna, koma chiyambire ubwana wake mtima wakhala ukumuuza kuti ndi mkazi. Akuti: "Mnzanga akumwa mapilitsi olera ndipo mabere ayamba kumera. Nanenso ndiyambe? Kapena kuchipatala kuli thandizo la anthu ngati ine?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yomwe mwaisunga nokha zaka zonsezi. Koma mapilitsiwo musawayambe, chonde.

Mapilitsi ambiri olera ali ndi homoni yotchedwa ethinyl estradiol. Mabere imameretsadi, n'chifukwa chake mnzanuyo akusangalala. Vuto lake, imachititsa magazi kuundana m'mitsempha kuposa mitundu ina, ndipo madokotala anaisiya pothandiza anthu ngati inu. Magazi oundanawo akachoka m'mwendo n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu amatha kumwalira tsiku lomwelo. Kwa wosuta fodya ngoziyo imakula. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti homoni imeneyi sioneka pamene akuyeza estradiol (homoni yachikazi ya m'thupi) m'magazi, ndiye munthu amangomwa mwachimbulimbuli, wopanda womuuza kuti wapyola muyezo.

Thandizo lenileni lilipo, ndipo si lachilendo kwa achipatala. Mu 2019 bungwe la WHO linachotsa nkhani ya anthu ngati inu pagulu la matenda a maganizo m'buku lake la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Bungwe la akatswiri a za mahomoni la Endocrine Society linatulutsa malangizo ake mu 2017, la WPATH, loona za umoyo wa anthu ngati inu, linatulutsa atsopano mu 2022. Dokotala amene akufuna kukuthandizani ali ndi poyambira.

Zimayamba ndi kucheza. Amakufunsani za moyo wanu, matenda a m'banja mwanu, mmene maganizo anu alili, n'kuyeza kuthamanga kwa magazi, chiwindi ndi impso. Mukagwirizana, amapereka estradiol, kaya wakumwa, womata pakhungu kapena wa jakisoni, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu ya testosterone (homoni yachimuna) monga spironolactone. Spironolactone amatha kukweza mchere wa potaziyamu m'magazi mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima, munthu osamva kalikonse. Ndiye chifukwa chake chaka choyamba magazi amayezedwa miyezi itatu iliyonse, kenako kamodzi kapena kawiri pachaka. Kwa ine, kuyezaku ndiye thandizo lenilenilo. Mankhwala aliyense atha kuwapeza.

Thupi nalo silithamanga. Mabere amayamba kuoneka pakati pa miyezi 3 ndi 6, ndipo amatenga zaka 2 kapena 3 kuti afike pomwe adzalekezere. Kumwa mlingo wowirikiza sikufulumizitsa kanthu, kumangowonjezera ngozi. Khungu limafewa, mafuta amasamukira m'chiuno ndi m'ntchafu. Ndevu zimachepa koma sizitha. Mawu sasintha ndi mahomoni achikaziwa. Pamafunika kuphunzitsa pakhosi.

Pali zina zosabwerera, ndipo ndikufuna muziganizire mofatsa musanameze pilitsi loyamba. Mabere akamera, amera. Umuna umachepa, ndipo kwa ena mphamvu yobereka sibwereranso ngakhale atasiya mankhwala. Mwina lero za ana sizikukhudzani, koma funsani za kusungitsa umuna nthawi idakalipo. Owerenga obadwa ndi thupi lachikazi amene akugwiritsa ntchito testosterone nawonso amve: msambo ungasiye, koma pathupi mutha kutenga.

Za opaleshoni musathamangire. Si onse amaifuna, ndipo imabwera munthu atakhala kale pa mahomoni kwa kanthawi.

Mukafika kuchipatala, funsani dokotala wa za mahomoni. Wina akakulandirani ndi nkhope yokwinya kapena akayamba kukulalikirani, zimapweteka, ndikudziwa, koma musabwerere kwa wogulitsa mapilitsi. Funsani wina. Mabungwe othandiza anthu ngati inu kawirikawiri amadziwa madokotala olandira bwino.

Tsono mnzanu uja musamudzudzule. Anachita zimene anatha. Muperekezeni akayezetse, ndipo akamuuze dokotala dzina la mapilitsiwo ndi kuchuluka kwake osabisa. Mukaona mwendo umodzi watupa n'kumapweteka, kapena akubanika mwadzidzidzi, kapena pachifuwa pakumulasa, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.