Nyota imodzi yakusokoneza, mphwanga

Imelo yako ndinaiwerenga ndikudikira madzi a tiyi, mpaka ketulo inatsala pang'ono kupserera. Wati akukweza kumene kuusilikali kukhala lansi kopulo, anzako amene munalowa nawo limodzi akukuitanabe dzina lachipongwe, ukawatuma amayamba akuseka, ndiye ukufunsa ngati uyambe kuwakhaulitsa kuti adziwe kuti zinthu zasintha. Ndinaseka, kenako ndinachita manyazi, chifukwa munthu amene ukufuna kukhalayo ndinakhalapo ine.

Ine ankanditcha Bakha. Dzinali linachokera ku maphunziro, chifukwa cha mmene ndinkaponyera mapazi paperete. Nditalandira nyota yoyamba, chizindikiro cha udindo, tinali ku Mozambique, kulondera njanji ya ku Nacala. Achinyamata a lero simudziwa kuti kuyambira 1987 asilikali a Malawi ankagona m'tchire m'mbali mwa njanji imene ija, yolowera pa Nayuchi kudzera Cuamba ndi Malema, kuti sitima zonyamula mafuta ndi feteleza zidutse nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Kunali udzudzu, mabomba okwirira, ndi nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku.

Tsiku lachitatu nditavala nyota, mnzanga weniweni, amene tinkagawana sopo ndi polishi, anakuwa pagulu kuti, "A Bakha, madzi atha kuno!" Onse anafa nacho chiseko. Mutu unandizungulira. Ndinamudumphitsa ngati chule mfuti ili pamutu, dzuwa likuswa mtengo, mpaka anasanza. Usiku ndinamuwonjezera gadi, ntchito ya ulonda. Sanadandaule. Kuyambira tsiku limenelo ankangoti "inde kopulo", "ayi kopulo", ndipo gulu lonse linatengera zomwezo. Ndikafika pamene akucheza, nkhani inkatha. Chilichonse chimene ndalamula ankachita, koma chokhacho basi. Ndikaiwala kunena kuti wina atunge madzi, tinkagona ndi ludzu, onse akudziwa, palibe wondikumbutsa. Ine n'kumati ndiye ulemuwo umenewu.

Sajeni wathu anali bambo wachilomwe wa cha ku Phalombe, wosayankhulayankhula, wofwenkha fodya wamphuno. Madzulo ena anandiitanira kuseri kwa tenti. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Kopulo, mwa anyamata ako, ndani ali ndi matuza kuphazi?" Sindinadziwe. "Ndani mkazi wake ali woyembekezera?" Sindinadziwe. "Amene unamudumphitsa uja, ukudziwa kuti anali ndi malungo?" Ndinangoti kukamwa yasaa. Ndiye anandiuza kuti ndiwafoletse onse, avule jombo ndi masokosi, ndigwade, ndiyang'ane phazi lililonse, pakati pa zala pomwe. Fungo lake sindidzaiwala. Mmodzi chidendene chinali chitachita mafinya, amayenda choncho masiku anayi osanena, poopa ine. Munthu ameneyo tikanakumana ndi adani sakanatha kuthamanga, ndipo mlandu ukanakhala wanga.

Bambo amene uja ankadya pomaliza nthawi zonse. Nsima ikachepa, iye ankakokota nkhoko mumphika. Gadi ya 2 koloko usiku, imene aliyense amaizemba, umangomva kununkha fodya, wafika, wakhala pambali pako osanena kanthu. Sindinamuonepo akumenya munthu, koma akati "tiyeni" palibe ankayang'ana kumbuyo.

Tsono pano ndinene mosapsatira, ena akwiye. Anthu ambiri ovala yunifomu amasokoneza mwambo ndi nkhanza. Kukuwa ndi kuthamangitsana kuli ndi malo ake. Ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima, amakutopetsa dala, amakulanda tulo, kuti thupi liphunzire kumvera lamulo mutu utasokonezeka, chifukwa zipolopolo zikamalira palibe nthawi yokambirana. Zimenezo n'zoona ndipo sindingazitsutse. Koma munthu amene wamaliza maphunziro, wapatsidwa anthu oti awatsogolere, n'kumazunzabe anzake kuti amuope, ameneyo ndi wamantha. Akubisa kuti ntchito sakuidziwa. Ndawaona ambiri: paperete mawu ngati mkango, mukawapatsa mapu ndi kampasi manja amanjenjemera. Amene ankakuwa kwambiri ku barakisi si amene ankakhala patsogolo kutchire. Ndipo musandiuze zoti "ifenso anatichita zomwezo". Akuchita iwe zoipa, ndiye mwana wa eni alipire?

Taganizira Chancy Chitete. Analibe nyota ngakhale imodzi, anali praiveti. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni ku DRC, asilikali a Malawi ndi Tanzania akulimbana ndi zigawenga za ADF, anaona kopulo wa ku Tanzania, Ali Khamis Omary, atavulala pamalo poonekera. Anabwerera zipolopolo zikugwa, anamukokera pobisika, ndipo akumuthandiza anawomberedwa iyeyo n'kumwalira. Omary anapulumuka. Pankhondo imeneyo tinataya Amalawi 6. Mu Meyi 2019 ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo ya kulimba mtima ya Captain Mbaye Diagne, imene siperekedwa wambawamba. Palibe anamuopseza ndi chilango kuti abwerere kukatenga munthu wa dziko lina. Mtima wotero suphuka pagulu limene anthu amadana ndi kopulo wawo. Ndikamva dzina lake ndimakumbukira mnzanga uja akusanza padzuwa, ndipo tiyi amandiwawa.

Mfuti ili ndi mwini wake

Ndalowerera, koma poti ndayamba ndimalize. Zimene ukuphunzira ndi anthu ochepawo ndi zomwezo zimene zimayesa akuluakulu. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, panali anthu amene sankafuna kuti Joyce Banda atenge mpando monga malamulo amanenera. General Henry Odillo, mkulu wa asilikali nthawi imeneyo, anaima ndi malamulo, ndipo pa 7 Epulo mayiwo analumbira. Mu 2019, zionetsero za chisankho zitavuta, anthu ankaimbira m'manja akaona galimoto za MDF, chifukwa asilikali ankaperekeza ochita zionetsero m'malo mowabalalitsa. General Vincent Nundwe, amene anali mkulu wa asilikali nthawi ya zionetserozo, anachotsedwa paudindo mu Malichi 2020, n'kudzabwezeretsedwa chaka chomwecho boma litasintha. Dziko lino silinalamulidwepo ndi asilikali chilandirire ufulu mu 1964. Yang'ana maiko ena a mu Africa muno uone ngati zimenezo n'zamasewera.

Ndinaliponso mu Disembala 1993, nthawi ya Operation Bwezani, pamene tinalanda zida a Payoniya, gulu la achinyamata la Kamuzu, atapha asilikali awiri ku Mzuzu. Anthu anatikonda, ndipo ine ndimati zinayenera kuchitika. Koma ndimadziwanso mmene mitima inalili yotentha masiku amenewo, ndipo ndinaona kuti pakati pa msilikali ndi chigawenga pali kampata kakang'ono kwambiri: wina woti anene kuti "basi, apa tisapitirire", ndipo anyamata n'kumumvera. Nthawi zambiri wonenayo sakhala jenerali. Amakhala kopulo amene ali pomwepo.

N'chifukwa chake zimandinyansa ndikamva kuti msilikali wamenya munthu wamba kumowa chifukwa cholimbirana mkazi, kapena wavula mnyamata buluku pamsika poti ndi lamawangamawanga. Ulemu umene anthu amatipatsa anaugula ndi anzathu amene anabwera m'mabokosi, ndi aja ankafukula anthu m'matope ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Iwe n'kukaugulitsa pa botolo limodzi? Jombo wavalazo, chakudya ukudyacho, anagula ndi mayi wogulitsa tomato yemweyo ndi msonkho wake. Akale anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Tsiku lopuma ntchito limafika, umabweza yunifomu ku sitolo, n'kukaima pamzere wa penshoni ngati wina aliyense. Ine ndili pamzerewo pano.

Za funso lako tsono. Usawalange chifukwa cha dzina. Muitane payekha amene amayambitsa, umuuze kuti kunja kwa ntchito akutche chimene akufuna, koma pantchito ndiwe kopulo. Akakana lamulo lenileni, tsata ndondomeko, kamusiye kwa sajeni, osamugwira ndi dzanja lako, ndipo chilango chikhale chimodzimodzi kwa mnzako ndi kwa amene sumukonda. Fika poyamba, idya pomaliza, mfuti yako ikhale yoyera kuposa zawo. Mawa m'mawa uwavulitse jombo.

Mnzanga uja ndinakamupepesa patatha sabata ziwiri, tikusenda chinangwa chimene tinagula kwa anthu a m'mudzi wina. Sanayankhe, anangondipatsira mpeni. Pano ali ku Balaka, amalima thonje. Akandiimbira foni amayamba ndi "A Bakha, mukadali moyo?"