Miyendo yatupa koma akuti vuto ndi mtima?

Asisi mwafunsa kuti agogo atupa miyendo ndiye kuchipatala akuti ndi mtima, zikugwirizana bwanji poti mtima uli pachifuwa. Adokotalawo sanaphonye ayi.

Mtimatu ndi kanyama kongofanana ndi chibakera chanucho koma mkati muli zipinda 4, ziwiri kumanja ziwiri kumanzere, pakati pali khoma. Kumanja kumalandira magazi otopa ochokera mthupi nkuwakankhira kumapapo, kumeneko amasiya mpweya woipa nkutenga okosijeni, akabwerako amalowera kumanzere, ndiye kumanzereko ndi kumene kuli dzitho, mnofu wake ndi wochindikala chifukwa ndi umene umapopa magazi kudzera mu mtsempha waukulu wa aorta kuti akafike kumutu mpaka kuzala zakuphazi. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5 ndipo onsewo amazungulira mphindi imodzi yokha, muli khale osagwira ntchito. Mulinso ma valve 4, tizitseko toletsa magazi kubwerera mmbuyo.

Nde za agogozo. Magazi akafika kuphazi amayenera akwere chitunda kubwerera kumtima. Mukuudziwa mjigo woti marabala atha eti, umapopa thukuta kamukamu koma madzi akungotuluka pang'ono. Mtima ukafooka zimateronso, magazi amaima pamzere mmitsempha kudikira, madzi ake nkuyamba kuchucha kulowa mumnofu, ndipo madzi sakwera phiri, nchifukwa chake amayambira kumapazi. Tawadinani ndi chala pamsongolo, muona pakutsala kadzenje. Kukakhala kuti kofooka ndi kumanzere madzi amadzadza mmapapo, munthu amabanika akagona chagada, amafuna mapilo awiri atatu kapena kugona atakhala. Zikafika pamenepo musadikire tsiku la kiliniki, thamangani nawo.

Nthawi zambiri chimafoola mtima ndi BP yoti yakhala yokwera zaka zambiri osamwa mankhwala, ena ndi zilonda zapakhosi zomwe sanachize ali ana zinawononga ma valve. Impso ndi chiwindi nazo zimatupitsa, ndiye akati akayezetse magazi musakane.

Ngati awapatsa timapiritsi tokodzetsa tija ta Lasix asasiye ati chifukwa akukodza pafupipafupi, ntchito yake ndi yomweyo, kuchotsa madziwo. Mchere chepetsani, ndi wothira pambali uja agogo athu amaukonda. Akakhala pansi miyendo azitsamiritsa pa kampando. Koma chonde zotema mphini pamwendo wotupa ayi, chilonda chake chimavuta kupola.