Kagalu kanu sikanakunyanyalireni, kangosokonezeka

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Ali ndi kagalu ka miyezi 5, kokonda kusewera, koma chisinthireni nthawi yawo yopita kuntchito, kuchoka m'mawa kufika masana, kagaluko kasintha khalidwe. Tsiku lina kakana chakudya, lina kangodzipinda pakona osafuna kugwidwa, ndipo kayambiranso kukodza m'nyumba pomwe kanali kataphunzira kale kupita panja. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi kandikwiyira? Ndikalange, kapena ndingokasiya?"

Mayi, chonde musakalange. Galu sasunga mangawa ngati munthu. Mukakamenya kapena kukakalipira chifukwa cha mkodzo womwe mwaupeza patapita ola lathunthu, sikangadziwe kuti kalakwa chiyani. Kangophunzira kuti mukafika pakhomo pamakhala zoopsa, ndiye nkhawa yake iwonjezeka.

Galu sadziwa wotchi. Chomwe amachigwira m'mutu ndi mmene zinthu zimatsatirana: mwadzuka, chitseko chatseguka, watuluka kukadzithandiza, mbale yalira, wadya, mwasewera naye, wagona. Chilichonse chimamuuza chomwe chikubwera. Inu mutasintha nthawi yantchito, mndandanda wonsewo unaduka pakati, ndipo kagalu kanu sikakudziwanso kuti mukanyamula chikwama mubwerako liti.

Wanga ali wamng'ono ndinaziona ndi maso. Nditayamba kuchoka m'bandakucha, ankati akamva makiyi akulira amathamangira pakhomo, makutu atagonera kumbuyo, n'kumayasamula mobwerezabwereza. Poyamba ndinkayesa tulo. Ayi ndithu. Kuyasamula kotero, kunyambita milomo popanda chakudya pafupi, kupanira mchira pakati pa miyendo, kupuma mwawefuwefu kunja kusanatenthe, zonsezi ndi galu akunena kuti mtima suli m'malo. Muyang'anitsitse kanuko mukamavala nsapato, mwina muona zomwezo.

Msinkhu wakenso ukuchititsa. Pa miyezi 5 kali pakati posintha mano: mano oyamba 28 akugweluka, okhazikika 42 akumera, ndipo ntchitoyi imatha cha pa miyezi 6 kapena 7. Usinini umawawa, choncho masiku ena kudya sikukoma. Pamwamba pa apo, kagalu kakang'ono kamafuna tulo tambiri, pafupifupi maola 18 patsiku. Kakapanda kugona mokwanira kamaluma manja, kamathamanga uku ndi uku, kamalira popanda chifukwa chooneka, chimodzimodzi mwana wakhanda amene wabanikiza tulo. Anthu ambiri akaona zimenezi amakaseweretsa kwambiri kuti katope, pomwe chomwe kakusowa ndi malo abata oti kagone.

Nanga muchite chiyani? Sungani katsatidwe ka zinthu ngakhale maola asinthe. Kaya mwadzuka 5 koloko kaya 8 koloko, kayambe ndi kutuluka panja, kenako kudya, kenako kusewera pang'ono, kenako kupuma. Ngati nthawi ya chakudya iyenera kusuntha, isunthe ndi mphindi 15 zokha patsiku mpaka ifike pomwe mukufuna. Pa msinkhu umenewu kazidya katatu patsiku, ndipo ino si nthawi yokasinthira mtundu wa chakudya. Za mkodzo, kagalu ka miyezi 5 sikangaupirire kupitirira maola 5 kapena 6, ndiye ngati mumakhalitsa kuntchito pezani wina woti azikatulutsa pakatipo.

Chomwe chinathandiza kwambiri kwa ine ndi kukaphunzitsa kuti kuchoka kwanga si tsoka. Ndinkatenga makiyi, n'kukhala pampando osapita kulikonse. Tsiku lina ndinkatuluka mphindi imodzi, n'kubwerera osakalankhula, osakanyamula, ngati palibe chachitika. Kenako mphindi zisanu, kenako khumi. Pogona pake ndinaikapo malaya anga akale osachapa, kuti fungo langa lizikhala nako, ndi chinthu cholimba choti kazitafuna. Patapita milungu ingapo, makiyi ankalira iko kali gone, kangotukula khutu limodzi.

Kakakhazikika, muziyamba dala kusintha tinthu ting'onoting'ono: lero njira ina poyenda, mawa kadyere m'chipinda china. Chimodzi chokha patsiku. Ndikunena izi chifukwa kuyambira cha pa miyezi 6 agalu ambiri amalowa m'nyengo yovuta ya kukula, amaoneka ngati aiwala zomwe anaphunzira, ena amayamba kuopa zinthu zomwe ankazidutsa bwinobwino. Kagalu komwe kazolowera kusintha pang'onopang'ono kamaidutsa nyengoyi mosavutikira.

Koma pali chimodzi chomwe sindifuna muchitenge mopepuka. Si kukana chakudya kulikonse komwe kuli kwa nkhawa. Kakatha tsiku lonse osadya, kakamasanza, kakamatsegula m'mimba makamaka ndi magazi, kapena kakafooka osafuna kudzuka, musadikire kuti mtima wake ukhale pansi. Njoka za m'mimba zimafooketsa tiagalu, ndipo matenda a parvo, oyamba ndi kachilombo kogwira m'matumbo, amapha msanga tomwe sitinamalize katemera. Pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo mutenge khadi lake la katemera.